UB40 atachoka Ali Campbell: muyambire chimbale chiti?

Anthu ambiri kuno mukawatchulira UB40 amangokumbuka "Red Red Wine", "Kingston Town" ndi "Can't Help Falling in Love", basi nkhani yathera pompo. Ena oidziwako bwino amakuuzani kuti bandi ija inafa mu 2008 Ali Campbell atachoka, zotsatirazo ndi zinyalala osataya nazo bandulo. Ine ndakhala ndikumvera zimbale za nthawi yonyozedwayi kwa zaka ndithu, pa foni, m'galimoto, pena usiku magetsi atathima, ndipo ndikukana, muli nyimbo mmenemo zoti munthu wokonda rege sayenera kufa asanazimve. Vuto ndi loti zimbalezo ndi zingapo, zosiyana kwambiri fungo lake, komanso pali magulu awiri onse odzitcha UB40, nde munthu ukangolowa pa YouTube mwachisawawa umasokonezeka n'kutuluka uli wokhumudwa. Ndiye tiyeni tiziyeze chimodzichimodzi.

Kaye pang'ono za mmene zinakhalira, poti popanda izi simungamvetse chifukwa chomwe anthu amapsera mtima. Bandi iyi inayamba mu 1978 ku Birmingham, anyamata asanu ndi atatu a m'dera limodzi, akuda ndi oyera, ambiri ali malova, ndipo dzinalo analitenga pa fomu yomwe anthu osowa ntchito ku Britain ankalemba kuti azilandira kandalama ka boma. Kwa zaka pafupifupi 30 anthu ake anali omwewo osasintha, chinthu chosowa kwambiri pa mabandi. Kenako kumayambiriro kwa 2008 Ali, yemwe mawu ake ndi amene dziko lonse linkawadziwa, anatuluka akudandaula za kayendetsedwe ka ndalama ndi mabizinesi a gululo, Mickey Virtue wa kiyibodi naye anamutsatira patangopita kanthawi kochepa. Otsalawo anatenga Duncan Campbell, mkulu wake wa Ali yemweyo, kuti aziimba kutsogolo, pomwe Robin, mkulu wawo winanso, anali kale mmenemo pa gitala kuyambira pachiyambi. Nde mukuona, iyi si nkhani ya bandi chabe, ndi nkhani ya pachibale, ana a bambo mmodzi kusiya kuyankhulana, ndipo mafani nawo anagawikana ngati mmene mudzi umagawikirana pa mlandu wa ufumu. Mu 2011 ena mwa iwo khoti linawalengeza kuti alibe ndalama zobwezera ngongole. Nyimbo zomwe ndikukamba pano zinajambulidwa anthu ali m'mavuto otere.

Chimbale cha TwentyFourSeven cha 2008 sindichedwapo. Ali akumvekabe mmenemo poti anali atajambula kale asanachoke, Maxi Priest nayenso alimo, ndipo chinayamba kugawidwa ulere ndi nyuzipepala ya Mail on Sunday zomwe zinakwiyitsa ogulitsa ma CD. Ndi chimbale cha pakhomo, phazi lina mkati lina kunja. Ngati mukufuna kudziwa UB40 yopanda Ali, apa sipoyambira.

Njira yoyamba yeniyeni ndi Labour of Love IV cha 2010. Ichi ndi cha anthu amene amafuna zofewa, zomwe akuzizolowera, chifukwa ndi ndondomeko yomweija ya Labour of Love ya 1983, kutenga nyimbo zakale za ku Jamaica zomwe anakula akumvera n'kuziimbanso. Koma panonso ndi pomwe Duncan anavulalira kwambiri, chifukwa dzina la Labour of Love m'mutu mwa anthu ndi mawu a Ali, nde aliyense amene anachigula amamvera akuyerekeza mzere ndi mzere, ndipo ukamayerekeza choncho Duncan sangapambane. Mawu ake amafanana ndi a mng'ono wakeyo pang'ono, magazi ndi amodzi, koma ndi otsika, okhuthala, alibe kamphuno kokoma kaja komwe Ali amakwera nako. Ine poyamba nanenso chinandilowa movuta. Chomwe chinandibweza ndi "Man Next Door", nyimbo ya John Holt ya nthawi ya The Paragons, yokamba za neba amene amabwera usiku kwambiri n'kuyamba phokoso ndi ndewu mpaka munthu kulakalaka kusamuka ndi banja lake kupita kwina kwa bata. Aliyense amene anakhalapo pa lendi, nyumba za mdadada zija khoma limodzi, ku Ndirande kaya ku Kawale, akudziwa zomwe nyimboyi ikunena osachita kumasuliridwa. Besi ya Earl Falconer mmenemo ndi yolemera bwino, ikani pa sabuufa mumve. Kuwonjezera apo pali "Bring It On Home to Me" ya Sam Cooke yomwe ikumukhala Duncan kuposa zina zonse chifukwa ndi nyimbo yofuna mawu a munthu wamkulu wopepesa, osati mnyamata, komanso "Easy Snappin'" ya Theophilus Beckford, nyimbo ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 yomwe ambiri amaiwerengera m'gulu la nyimbo zomwe zinabala ska, chamba cha ku Jamaica chomwe chinabwera rege isanabadwe. Ubwino wa chimbalechi ndi woti chimakutumiza kukasaka eni nyimbozo, Ken Boothe, Errol Dunkley, Hopeton Lewis, The Melodians. Kuipa kwake nkoti nyimbo zina zimangodutsa osakusiyira kanthu, zaukhondo kwambiri ngati zochapidwa ndi sopo, ndipo ukamaliza umakumbuka zitatu kapena zinayi basi. Pa ukwati kapena pa braai chimagwira ntchito, palibe angadandaule.

Tsopano tifike pa njira yachiwiri, pomwe mtima wanga uli, Getting Over the Storm cha 2013, chimbale chomwe ena anachinyoza kwambiri. Mlandu wake unali umodzi: bandi ya rege yaimba country. Ku Britain mafani ena anachitenga ngati kugulitsa mtundu, Ali anachinyoza poyera, ndipo Astro, amene ankachita toasting uja (kuyankhula motsatira chida ngati rap) mu "Red Red Wine", anachoka mu November chaka chomwecho n'kukagwirizana ndi Ali ndi Mickey, nkhani ya country yomweyi ili pakati pa zifukwa zake. Nde chimbalechi chinasenza mlandu wothamangitsa munthu wachitatu, ndipo anthu ambiri amadana nacho asanachimve n'komwe.

Koma tiyeni tikambe chilungamo ife a kuno. Ndi nyumba iti ku Malawi yomwe munali wailesi kapena kaseti koma simunamveke Jim Reeves, Don Williams, Kenny Rogers kapena Dolly Parton? Bambo anga ankati akaweruka Loweruka amakhala pakhonde ndi Jim Reeves, achimwene anga m'chipinda akuliza Culture ndi Lucky Dube, ndipo palibe ankaona kuti nyimbozi zikumenyana, zinali za m'nyumba imodzi. Ku Jamaica nakonso ndi chimodzimodzi, country inkamveka kwambiri pa wailesi ndipo oimba awo akhala akuitembenuza kuyambira kale, Toots and the Maytals anaimbanso "Country Roads" ya John Denver ndipo palibe anawatcha ogulitsa mtundu. Ngakhale UB40 yomweyo Ali ali momwemo, mu 1990 inaimba ndi Robert Palmer "I'll Be Your Baby Tonight" ya Bob Dylan, nyimbo yomwe kwa mwini wake ndi ya fungo la country lenileni. Ndiye chodabwitsa chinali chani mu 2013? Kwa ine khutu la Mmalawi ndi lomwe linakonzekera chimbalechi kuposa khutu la ku London.

Ndipo si kuti anasiya rege n'kuvala zipewa za makauboyi ayi. Ng'oma za Jimmy Brown ndi zomwezija, besi ndi yomweija, malipenga a Brian Travers ali pomwepo, chomwe anawonjezera ndi gitala yogoneka ija ya pedal steel yomwe imalira ngati munthu akusisima, ikuyandama pamwamba pa rege. Nyimbo yotsegulira ndi "Midnight Rider" ya Allman Brothers ya 1970, ndipo apanso sanali oyamba, Paul Davidson wa ku Jamaica anaiimba kale mwa rege m'zaka za m'ma 1970 n'kugunda nayo ku Britain, kutanthauza kuti anyamata a ku Birmingham amenewa anakula akuimva ili kale rege. Iyi ndi ya pa msewu, ya munthu wothawa amene sakufuna kugwidwa, ndimaikonda ndikakhala pa ulendo wautali wa usiku.

"He'll Have to Go" ya Jim Reeves ya 1959 ndi imene ndingamuyambitsire munthu wamkulu aliyense. Nkhani yake mukuidziwa, mwamuna ali pa bala akuimbira foni mkazi amene ali ndi mwamuna wina, akumupempha kuti asankhe, amuuze winayo azipita. Jim Reeves anaiimba motsitsa mawu ngati akunong'ona, ndipo apa ndi pomwe mawu otsika aja omwe anthu ankawadandaula pa Labour of Love IV asanduka mphamvu, nyimbo zoterezi sizifuna wokuwa. Tsiku lina ndinaiika pa mwambo wina wa pabanja, amalume anga amene rege amati ndi nyimbo za osuta anaimirira pomwe anali n'kufunsa kuti aimbanso ndani nyimbo ya Jim Reeves bwino chonchi, anandiuza ndiwaikire mu memore khadi tsiku lomwelo.

"Blue Eyes Crying in the Rain" inalembedwa ndi Fred Rose, koma ambiri timaidziwa kwa Willie Nelson amene anaitchukitsa mu 1975. Ndi nyimbo ya kutsanzikana kosadzaonananso pansi pano. Kuyambira 2021 ine sindithanso kuimva chimodzimodzi, chifukwa chaka chimenecho Brian Travers anamwalira mu August atavutika ndi khansa ya mu ubongo, kenako Astro mu November, anthu awiri amene anayamba limodzi ali anyamata n'kumwalira miyezi itatu yokha kusiyana ali mbali ziwiri zosayankhulana. Ukaimva ukudziwa zimenezi malipenga aja amakulowa penapake.

Pali "On the Other Hand" ya Randy Travis, mwamuna wapabanja amene mtima ukumukokera kwina koma mphete ya pa chala ikumukumbutsa kwawo, nyimbo yoti abusa atha kulalikira osasintha liwu. Komanso kwa amene amati chimbalechi chinataya ndale zomwe UB40 inkadziwika nazo nthawi ya "One in Ten", mvetserani "How Can a Poor Man Stand Such Times and Live", nyimbo ya Blind Alfred Reed ya 1929, chaka chomwe chuma cha America chinagwa, yodandaula kukwera mitengo kwa zinthu, iwo anaikonzanso mawu kuti igwirizane ndi nthawi yawo. Funso la mutu wa nyimboyo, loti munthu wosauka apirira bwanji nthawi zotere n'kukhalabe moyo, ndi lomwe timafunsana tsiku ndi tsiku pa mzere wa mafuta kaya pogula thumba la chimanga, palibe chachilendo. Brian Travers analembanso nyimbo zake zatsopano zingapo m'chimbalechi ndipo zinalowerera bwino moti osadziwa sangasiyanitse kuti yakale ndi iti yatsopano ndi iti. Chofooka chake ndivomere, liwiro ndi limodzimodzi kuyambira koyamba mpaka kumapeto, mukachimvera chonse masana kukutentha mutha kuwodzera, ndipo amene amafuna rege yolusa ya dub, ija ya besi ndi ng'oma mawu ali ochepa, sapezamo chakudya. Ndi chimbale cha madzulo.

Njira yachitatu ndi For the Many cha March 2019, ndipo ichi ndi chomwe ndimapatsa anzanga a rege yeniyeni, aja amati UB40 yabwino inathera pa Signing Off ya 1980 ndi Present Arms ya 1981. Mutuwo anautenga ku mawu a kampeni a chipani cha Labour nthawi ya Jeremy Corbyn, onena kuti zinthu zikhale za anthu ambiri osati ochepa, ndipo gululi silinabise kuti limamusapota. Apa anabwerera ku nyimbo zawozawo, zazitali, zokhala ndi mchira wa dub kumapeto komwe mawu amachoka n'kutsala besi ndi ng'oma zikuyankhana. "Gravy Train" ikukamba andale odyerera, amene akangokwera sitima ya zonona satsikanso, ndipo sindikufunika kukuuzani chifukwa chomwe nyimbo yotere imamveka bwino kuno. "I'm Alright Jack" mutu wake ndi kanenedwe ka ku Britain ka munthu amene zake zikangoyenda za anzake alibe nazo ntchito. "Broken Man" muli Kabaka Pyramid wa ku Jamaica, mmodzi wa achinyamata amene anadzutsanso roots, ndipo kumva mwana wa m'badwo uno atakwera pa besi ya madala amenewa kumakoma zedi. "You Haven't Called" ndi yachikondi yofatsa, Duncan apa anali atakhazikika, sakuyesanso kukhala munthu wina. Imodzi yokha yomwe ine ndimaidumpha ndi "What Happened to UB40?", yomwe ndi yogenda mbali ya Ali. Chidacho chili bwino koma zimandiwawa kumva anthu akuluakulu, abale enieni, akutukwanizana pa chimbale, nkhani zotere kwathu timakambira m'nyumba pali ankhoswe.

Mukachikonda For the Many pitani pa Bigga Baggariddim cha 2021, pomwe anatenga zida zambiri zomwezo n'kuitana alendo kuti aimbepo zawo monga anachitira ndi Baggariddim mu 1985. Muli Tippa Irie, Inner Circle, House of Shem a ku New Zealand, Reggae Rajahs a ku India. Si chonse chomwe chimagwira koma ndi chosangalatsa, ndipo ndi pomwe nthawi ya Duncan ikuthera, iye anadwala sitiroko mu 2020 n'kupuma mu 2021, malo ake anatenga Matt Doyle wa gulu la Kioko la ku Birmingham komweko.

Nanga mbali ya Ali? Iyi ndi njira yachinayi ndipo sindingaibise ngati kulibe, chifukwa kwa ambiri UB40 ndi mawu amene aja basi, ndipo ngati inu muli otero musadzivute, pitani komweko. Ali, Astro ndi Mickey anatulutsa Silhouette mu 2014, koma chomwe ndingakuuzeni kuti mutsitse ndi A Real Labour of Love cha 2018, chomwe chinafika pa nambala 2 ku Britain, kuposa zimbale zonse za nthawi ya Duncan. Dzina lokhalo mukuona kuti ndi chigendo kwa abale ake aja. Nzeru yake inali yabwino, m'malo mobwerera ku rocksteady ya m'ma 1960, yomwe inabala rege, anatenga makamaka nyimbo za m'ma 1980, "She Loves Me Now" ya Beres Hammond, "Here I Come" ya Barrington Levy, "Under Me Sleng Teng" ya Wayne Smith, "Telephone Love" ya JC Lodge, komanso "International Herb" ya Culture yomwe kuno ngakhale mwana amaidziwa. "She Loves Me Now" Ali anaiimba mokoma kwambiri, mawu ake sanakalambe, ndipo Astro pa nyimbo za dancehall zija ali pakwawo penipeni, ukumva kuti munthu akusangalala. Koma mvetserani pansi pa mawuwo. Oimba zida ndi akatswiri inde, koma si Earl ndi Jimmy, kaphatikizidwe kaja ka besi ndi ng'oma ka anthu amene anaphunzirira limodzi kuimba kuyambira ali osadziwa kanthu kulibe, malipenga ndi aukhondo koma si a Brian. Kwa ine chimamveka ngati chimbale chabwino cha Ali Campbell, pomwe Getting Over the Storm ngakhale muli gitala ya country chimamveka ngati bandi. Winawake adzanena mosemphanitsa ndipo sindingamutsutse kwambiri, zimatengera kuti khutu lako limayamba kugwira chani nyimbo ikayamba, mawu kapena pansi.

Ife nkhani yotereyi tinaionapo pafupi. Evison Matafale atamwalira mu 2001 panali anthu ankati Black Missionaries yatha, Musamude Fumulani anaitenga, iyenso atatisiya mu 2007 Anjiru anapitiriza, ndipo mpaka lero anthu amadzaza malo kukavina Ma Blacks, pomwe ena amakakamirabe kuti Kuimba 1 ndi 2 basi. Kusiyana kwake nkoti ku Chileka inali imfa, ku Birmingham unali mkangano, ndipo mkangano umapangitsa mafani kusankha mbali m'malo momvera nyimbo.

Nde ngati bandulo yanu ndi yochepa ndipo mukufuna chimodzi chokha, funso ndi loti mukumvera ndi ndani komanso nthawi yanji. Pa phwando pomwe pali anthu osiyanasiyana, A Real Labour of Love sichingakuchititseni manyazi, anthu amva mawu a Ali n'kudzuka okha. Ngati ndinu wa roots, wokonda uthenga ndi dub, For the Many. Labour of Love IV tengani nyimbo zitatu zija ndatchula, zinazo mudzazipeza mukadzafuna. Koma ngati munakulira m'nyumba ngati yathu, Jim Reeves pakhonde Culture kuchipinda, yambani ndi Getting Over the Storm, ndipo musayambire pa nyimbo yoyamba, dumphani kaye mpaka pa "He'll Have to Go", muimve kawiri madzulo kunja kutazizira, kenako "Blue Eyes Crying in the Rain", mukatero mubwerere koyambirira muchisiye chiziyenda chokha. Mu foni mwanga mndandanda wa nthawi imeneyi uli ndi ziwirizo pamwamba, kenako "Man Next Door", "Gravy Train", "Midnight Rider", "Broken Man", ndipo "She Loves Me Now" ya Ali ndinaiika pakati penipeni pa nyimbo za abale ake.